Akamati “tamva” musamafulumire kukhulupirira

Aphunzitsi, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwati mwangoyamba kumene kuphunzitsa ukalipentala kwa anthu akuluakulu, ena a msinkhu wa makolo anu, ndipo zikukuzunguzani mutu kuti amafika mochedwa, mukawafunsa ngati amva onse amavomera, koma akagwira chida zimaoneka kuti palibe chalowa. Mwatinso ena asiya kubwera osatsanzika n'komwe. Ine ndaphunzitsa ntchito zamanja kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo chimene ndaona n'chakuti mavuto ambiri a wophunzira wamkulu amakhala obisika, ndipo amawabisa dala. Ntchito yanu yoyamba ndi kuwatulukira popanda kumunyazitsa mwiniwake.

Munthu wa zaka 45 kunyumba kwake ndi bambo kapena mayi amene ana amakafunsako nzeru. Kwa iye, kunena pagulu kuti “sindinamve” n'kolemera kwambiri kusiyana ndi mmene kumalemerera mnyamata wongochoka kumene kusekondale. Ambiri anasiya sukulu kalekale, ndipo ena anaisiya ndi mabala: anasekedwa, anatchedwa mbuli, anabwereza kalasi mpaka kutopa. Akangokhala kutsogolo kwa bolodi, zonsezo zimabwerera. Tayesani mawa kuwauza kuti aliyense ayeze masentimita 37.5 pa thabwa lake, inu n'kuima chapatali. Mudzaona wina akufunyulula tepi, kuibweza, kuyamba kusongola pensulo imene ndi yosongoka kale, kwinaku akuba ndi diso pamene mnzake walemba. Mnzakeyo akangolemba, nayenso alemba pomwepo. Munthu ameneyu si waulesi. Sakudziwa tanthauzo la kadontho kali pakati pa 37 ndi 5, ndipo angalolere kusiya sukulu kusiyana n'kuti anzake adziwe zimenezo.

N'chifukwa chake funso lakuti “mwamva?” ine ndimaliona kuti n'lopanda ntchito. Yankho lake ndi limodzi lokha. M'malo mwake muziti “tandionetsani mmene mungachitire”, ndipo muzimuuza ali pa benchi yake, osati pamaso pa onse. Njira imeneyi si yatsopano. Mu 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, boma la United States linakhazikitsa pulogalamu yotchedwa Training Within Industry, chifukwa mafakitale ankafunika kuphunzitsa msanga anthu ambirimbiri, kuphatikizapo amayi amene anali asanagwirepo makina. Alangizi ankapatsidwa kakhadi kokhala ndi masitepe 4. Choyamba kumukhazika mtima pansi wophunzirayo ndi kufufuza zimene akudziwa kale. Kenako kumuonetsa ntchitoyo pang'onopang'ono, n'kumatchula mfundo zofunika. Chachitatu, iyeyo achite yekha, achitenso kachiwiri uku akufotokoza ndi pakamwa pake zimene akuchita. Pomaliza kumusiya agwire ntchito koma n'kumamuyendera. Pa kakhadiko panalembedwanso mawu akuti ngati wantchito sanaphunzire ndiye kuti mlangizi sanaphunzitse. Mawuwa ndi owawa kwa ife aphunzitsi, koma sitepe yachitatuyo ndi imene ambiri timaidumpha pothamangira kumaliza silabasi, chonsecho ndi pamene pamaonekera amene wamvetsa ndi amene akungotsanzira.

Masamu ndi kuwerenga muzifufuze m'sabata yoyamba, koma osati ndi pepala la mayeso. Apatseni kantchito kakang'ono kofuna kuyeza, kugawa thabwa pakati ndi kuwerenga chojambula chosavuta. Amene akuvutika muwadziwa tsiku lomwelo. Masamuwo muwaphunzitsire pa thabwa lenilenilo. Munthu amene “theka la theka” lamuvuta pa bolodi amalimvetsa msanga akapinda chingwe kawiri n'kuchiyeza. Muonetsetsenso za mainchi ndi mamilimita, chifukwa matepi ambiri ali ndi zonse ziwiri, ina m'mphepete ino ina m'mphepete inayo, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Wosokoneza ziwirizi amawononga thabwa lonse, iye osadziwa kuti walakwitsa pati. Za chinenero ndinene mwachidule: mabuku ambiri a ntchito zamanja amalembedwa m'chinenero chimene wophunzirayo salankhula kunyumba. Fotokozani kaye m'chinenero chimene amaganizira, akamvetsa ndiye mumupatse dzina la m'buku limene adzalipeze pa mayeso.

Pali chinanso chimene aphunzitsi achinyamata sachiganizira n'komwe, chifukwa sichinawafike. Munthu akamapitirira zaka 40, maso amayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi. Timizere ta mamilimita timaphatikizana. Mukaona wophunzira akutalikitsa tepi kapena pepala kuti awerenge, kapena akulakwitsa ndi milimita imodzi kapena iwiri nthawi zonse, vuto lingakhale maso osati mutu. Muuzeni pambali kuti akayezetse, chifukwa magalasi owerengera amathetsa vutoli kwa anthu ambiri, ndipo mumuike pamene pali kuwala kokwanira. Makutu nawonso chimodzimodzi. Phokoso lofika madesibeli 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso), munthu akamakhala nalo maola 8 tsiku ndi tsiku, limawononga makutu pang'onopang'ono, ndipo makina ochekera matabwa amapitirira pamenepo. Amene anagwirapo ntchito m'malo aphokoso mwina samva bwino kale. Muzizimitsa makina musanalankhule, ndipo muziyang'ana anthuwo, osati kulankhulira ku bolodi.

Tibwere ku nkhani yochedwa ndi kujomba. Wophunzira wanu akamafika m'kalasi amakhala atagwira kale ntchito ina. Wina wachokera ku ntchito ya usiku, wina anadikira woti amusiyire mwana, wina akudwazika. Kuchedwa koteroko si mwano, ndipo mukamukalipira pakhomo anzake akumva, mawa akaona kuti wachedwanso adzangobwerera panjira. Sindikunena kuti nthawi isamasungidwe. Inuyo muziyamba pa nthawi yake ndi kuwerukanso pa nthawi yake, ndipo ndandanda ya masiku muwapatsiretu poyamba, osamaisinthasintha mwadzidzidzi, popeza ena anachita kupempha kwa abwana awo kuti apeze maola amenewo. Koma phunzirolo mulikonze moganizira moyo wawo. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany, anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala msanga kwambiri akangomaliza kumene kuphunzira chinthu, komanso kuti kubwereza motalikitsa masiku kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Ndiye mphindi 10 kapena 15 zoyambirira zizikhala zobwereza ndi manja zimene munachita ulendo wapita. Ofika msanga apindula, ndipo wochedwa pang'ono apeza zatsopano zisanayambe.

Chimene chimachotsa anthu ambiri pa sukulu si tsiku limene anajombalo, koma tsiku lobwerera. Akaganiza kuti anzake apita patali, ndipo iye akakhala wofunsa zimene ena anadutsa kale, amangoti basi. Choncho munthu akajomba kawiri motsatizana, muimbireni foni. Musayambe ndi kufunsa chifukwa chake. Muuzeni kuti mwamusowa, mumuuze zimene anzake achita, ndiponso kuti akabwera muyamba naye pamene anasiyira. Kujambula kavidiyo kakafupi pa foni kosonyeza manja anu akugwira ntchitoyo n'kukatumiza pa WhatsApp kumathandizanso kwambiri, chifukwa munthu amakaonera kangapo payekha popanda womuona.

Ndalama nazo zimabisika mofananamo. Amene sanagule chizelo sanena kuti alibe ndalama, amati waiwala kunyumba. Amene akuzengereza kucheka nthawi zina akuopa kuwononga thabwa limene sangathe kubweza. Sungani zidutswa zotsala kuti aziyeserapo momasuka, ndipo zida zochepa zimene zilipo azibwerekana mwadongosolo. Ndimalimbikitsanso kuti m'masabata oyambirira aliyense apange kanthu kathunthu, ngakhale kampando kakang'ono, koti apite nako kunyumba. Akunyumba amene akudzimana kuti iyeyo aphunzire amafuna kuona kuti pali chikuchitika.

Malcolm Knowles, wa ku America, amene anatchuka m'zaka za m'ma 1970 pa nkhani ya kaphunzitsidwe ka akuluakulu, ankatsindika kuti munthu wamkulu amafuna kudziwa chifukwa chimene akuphunzirira chinthu, ndipo amabwera ndi zimene anakumana nazo kale pa moyo. Izi n'zoona, koma zodziwa kalezo zili ndi mbali ziwiri. M'kalasi mwanu mwina muli bambo amene akhala akukhoma mipando kwa zaka zambiri ndipo angobwerera satifiketi. Amenewa mukawayambitsa pa kagwiridwe ka hamala ngati mwana, muwataya. Apatseni mpata aonetse njira yawo, inu muonetse yanu, kenako muyese mfundo ziwirizo, pamene matabwa alumikizana, kuti muone yolimba. Nthawi zina yawoyo idzapambana, ndipo mukavomera pamaso pa onse ulemu wanu suchepa, umakula. Ngati sukulu yanu imalola kuyesa munthu pa luso limene ali nalo kale kuti adumphe magawo ena, athandizeni kutero. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalimbikitsa mayiko kuchita zimenezi mu 2004. Koma pa chitetezo pokha palibe kunyengerera. Kuchotsa chotchinga pa sowo yamagetsi, kukankha thabwa zala zili pafupi ndi mano a sowo, kucheka osavala zoteteza maso, zimenezo ziletsedwe kwa aliyense, kaya akhala akuchita choncho kuyambira liti. Muwauze mwaulemu ndiponso pambali ngati n'kotheka, koma makinawo asayake mpaka zitakonzedwa.

Ngati m'kalasimo muli amayi, muzionetsetsa kuti pa ntchito za m'magulu chida chili m'manja mwa ndani. Kawirikawiri mudzapeza mayi akugwirizira thabwa kapena kulemba miyezo, amuna akusinthana sowo, ndipo palibe amene anakonza dala kuti zikhale choncho. Mwezi ukamatha mayiyo amaoneka ngati wotsalira, chonsecho sanapatsidwe mpata. Gawani nthawi ya pa makina ndi mayina, aliyense adziwe kuti yake ikwana.

Mayeso musawasiye kuti akhale chinthu chodzidzimutsa cha kumapeto. Munthu amene anakhala zaka 20 osalemba mayeso amatha kunjenjemera manja ngakhale ntchitoyo akuidziwa bwino. Aonetsenitu pepala limene woyesa amagwiritsa ntchito popereka malikisi, adziwe kuti adzayang'ana miyezo, kulimba kwa mfundo, kusalala kwa thabwa ndi kasamalidwe ka zida. Kenako muziwayeserera kangapo ndi wotchi, nthawi yake yofanana ndi ya tsiku lenilenilo, ndipo ngati mungathe mupemphe mphunzitsi mnzanu amene sakumudziwa kuti adzaime pambali ndi pepalalo, kuti azolowere kugwira ntchito mlendo akuwayang'ana.