Kubira ndi thanki ya mpweya mu Shire? Yankho kwa achimwene a ku Liwonde

Achimwene ena a ku Liwonde andilembera imelo. Akuti anakulira m'mbali mwa Shire, kusambira anakudziwa asanayambe sukulu, ndipo akabira ndi anzawo, womaliza kuvuuka ankakhala iwo. Tsopano msuweni wawo wa ku Johannesburg walonjeza kuwatumizira thanki ya mpweya ndi chopumira chake, zogwirapo kale ntchito. Akufunsa kuti: "Kodi ndingayambe kuyeserera ndekha mu Shire? Nanga munthu wodziwa kale madzi ngati ine, sukulu ya scuba n'njofunikanso?"

Achimwene, mu Shire musalowemo. Za ng'ona ndi mvuu mukuzidziwa kuposa ine. Onjezanipo matope, oti dzanja lanu lomwe simuliona, namasupuni amene amakutsekerani kumwamba pofuna kuvuuka, ndi mkokomo wa madzi akamatsegula zitseko pa Kamuzu Barrage. Kumunsi nako kuli mathithi ndi madamu a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Malombe ndi Chilwa ndi nyanja zosaya, za matope, mulibe choti mukaone. Imeneyo yatha.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi funso lanu lachiwiri. Luso limene mukunyadiralo, logwira mpweya, ndi limene lingakupheni mukavala thanki.

Mukabira wamba, mumatsika ndi mpweya umene mwakoka pamwamba. Madzi amaupanikiza, mukamakwera umangobwerera mwakale, palibe chovuta. Thanki ndi nkhani ina. Pa mamita 10, mphamvu yokupanikizani imakhala yowirikiza kawiri ya pamtunda, ndipo chopumira chimakupatsani mpweya wothinana chomwecho mpaka mapapo kudzaza. Mukadzidzimuka n'kuthawira kumwamba mutatseka kukhosi, mpweya uja umafufuma mpaka kuwirikiza kawiri. Mapapo amang'ambika, thovu n'kulowa m'magazi, mwina mpaka ku ubongo. Zimenezi zimatheka ngakhale pamadzi a mamita ochepa chabe. Ndiye lamulo loyamba ndi lakuti musagwire mpweya, pumani mosalekeza. Thupi lanu lazolowera zosiyana ndi zimenezi kuyambira ubwana, ndipo tsiku limene madzi adzalowe m'magalasi ovala kumaso pobira, lidzachita zomwe linazolowera. Pamafunika mphunzitsi ali pambali panu, akukuchotsetsani magalasi ndi chopumira mobwerezabwereza pamadzi ofika m'chifuwa, mpaka chizolowezi chatsopano chikhazikike.

Palinso nayitirojeni. Mu thanki si okosijeni yekha monga ambiri amaganizira, ndi mpweya wamba, umene mbali yake yaikulu ndi nayitirojeni, wopanikizidwa pafupifupi mabaa 200, kutanthauza kuwirikiza ka 200 mphamvu ya mpweya wa pamtunda. Mukakhalitsa pansi, nayitirojeni amasungunukira m'magazi, ndipo mukakwera mothamanga amachita thovu ngati Fanta wotsegulidwa atakhutchumulidwa. Zotsatira zake ndi kuphwanya m'mfundo, dzanzi, ena kufa ziwalo. N'chifukwa chake timakwera pang'onopang'ono, n'kuima mphindi 3 pa mamita 5 tisanavuuke.

Kophunzirira tili nako kunyumba konkuno. Nyanja ya Malawi ili m'gulu la malo a madzi opanda mchere otchuka kwambiri padziko pa nkhani ya scuba, ndipo sukulu zimapezeka ku Cape Maclear, ku Kande ndi ku Nkhata Bay. Maphunziro oyamba a PADI, bungwe lopereka ziphaso za scuba, otchedwa Open Water, amatenga masiku atatu kapena anayi. Amakuyesani kusambira mamita 200 ndi kuyandama mphindi 10, zomwe kwa inu n'zosavuta, ndipo mukakhoza mumaloledwa kutsika mpaka mamita 18 muli ndi mnzanu. Nokha ayi. Nyanjayi kumpoto imazama pafupifupi mamita 700, koma zokongola zambiri zili pamamita oyambirirawo, pomwe dzuwa limafika.

Ndimamva chisoni kuti ambiri a ife chambo timachidziwa chili m'mbale basi. Tsikani pamiyala ya pachilumba cha Thumbi, mu Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere zimakuzungulirani zikubudula ndere pamwala. Mukakhala phee, mungaone yaikazi itatupa kukhosi. Imalavula tiana take kuti tidye, inu mukangosuntha dzanja, tonse timathamangira m'kamwa mwa mayi, iye n'kutseka. Pamchenga mupeza timabwalo tozungulira tomwe nsomba zazimuna zimakonza ponyamula mchenga ndi pakamwa, kuti zikope zazikazi. Pansi pa miyala ikuluikulu, kampango wamkazi ndi wamwamuna amalondera ana awo limodzi, ndipo mayiyo amaikira mazira oti anawo adye. Mukaona zimenezi ndi maso anu, nkhani yoti anthu akukokera khoka la neti ya udzudzu m'malo oswanirana nsomba imakupwetekani mwa mtundu wina.

Nthawi yabwino ndi kuyambira September mpaka mvula isanagwe, madzi ali mbee ndiponso ofunda. Mu June ndi July mwera umavundula nyanja ndipo kumazizira, pomwe m'dzinja mitsinje imabweretsa matope. Matchera otayika a asodzi amakodwa m'miyala ndipo saoneka bwino m'madzi, choncho kampeni kakang'ono kasamachoke pathupi.

Za katundu wa asuweni anuwo, landirani, koma musapumiremo asanaonedwe ndi munthu wodziwa. Thanki imachita dzimbiri m'kati kunja ikuoneka bwinobwino, ndipo imakhala ndi deti losonyeza pomwe inayesedwa komaliza. Musadzaidzazitse pa kompuresa ya matayala. Siingafike mphamvu yofunikayo, komanso mpweya wake umakhala ndi mafuta ndi utsi, zomwe pansi pa madzi zimasanduka poizoni. Pophunzira, sukulu imakubwerekani zonse.

Pali china chimene alendo ambiri sachilabadira koma ife chimatikhudza kwambiri. Nyanjayi ili kale pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndiye kawerengedwe ka nthawi yokhala pansi kamafuna kusamala kwambiri. Ndipo pafupifupi njira iliyonse yochoka kunyanja ndi chikweza. Kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu mumakwera n'kufika pamtunda wa mamita oposa 1,200 pa ola limodzi lokha. Wochokera ku Monkey Bay kudzera ku Golomoti amakafika ku Dedza, komwe n'kokwera kuposa pamenepo. Mpweya ukamapepuka kumtundako, nayitirojeni wotsala m'thupi uja akhoza kuchita thovu muli m'minibasi. Malangizo okwerera ndege amati dikirani maola 12 mutabira kamodzi, 18 mutabira kangapo, ndipo ine ndimati zikweza zathuzi muzizilemekeza chimodzimodzi. Inu a ku Liwonde muli ndi mwayi chifukwa msewu wa Mangochi umatsata chigwa, koma wa ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu agone kunyanja usiku umenewo.

Likodzo nalo lilipo, makamaka m'madooko a kumwera kumene anthu amachapa ndi kusamba, chifukwa nkhono zake zimakhala m'mabango ndi pamchenga wosaya. Musadikire kuona magazi m'mkodzo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu mutabwerako, pitani kuchipatala, muwauze kuti munali m'nyanja, akuyezeni. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu, ndipo amaperekedwa molingana ndi sikelo ya munthu.