Mwana wanga akufuna kufufuza za plasma, kodi angadyerepo?

Funso: Ndine bambo wa ku Matero, ndipo mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya fizikisi pa University of Zambia. Ine ndinkayembekezera kuti akalowa ntchito ku migodi kapena ya uphunzitsi, koma iye akuti akufuna kukapitiriza maphunziro kunja kuti adzakhale wofufuza za plasma ndi fusion, makamaka chinthu china chimene akuchitcha turbulence. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu angadyerepo, nanga idzatithandiza pa vuto la magetsi?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi za magetsi chifukwa yankho lake ndi lalifupi. Mwana wanu sadzathetsa mdima ngati umene tidauona mu 2024 madzi ataphwera ku Kariba, ndipo wokuuzani kuti fusion iyatsa nyumba za ku Matero posachedwa akukunamizani. Koma ntchitoyo ndi yeniyeni.

Fusion ndi kuphatikiza maatomu opepuka a hydrogen, a mitundu yotchedwa deuterium ndi tritium, kuti apange helium ndi kutulutsa mphamvu, mofanana ndi mmene dzuwa limayakira. Pansi pano pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 150 miliyoni, kuwirikiza kakhumi kutentha kwa pakati pa dzuwa, ndipo mpweya ukatentha chotero maelekitironi amalekana ndi maatomu ake, n'kusanduka plasma, chomwechija chimang'anima mu mphezi. Palibe mphika umene ungasunge moto wotere, choncho amaugwira ndi maginito amphamvu m'makina ozungulira ngati tayala otchedwa tokamak, amene Andrei Sakharov ndi Igor Tamm adawaganizira ku Soviet Union kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Apa ndi pamene mwana wanu akulowera. Mukatsegula mpope pang'ono madzi amatsika osalala ngati galasi, koma mukautsegula kwambiri amapotana, kuchita thovu ndi kuthamangira uku ndi uku. Kuvinduka kumeneku ndiko turbulence, ndipo ngakhale Osborne Reynolds adakufufuza ku Manchester kale mu 1883 pothira utoto m'madzi oyenda m'paipi, mpaka lero masamu ake sanamasulidwe onse. M'kati mwa tokamak plasma nayo imavinduka, ndipo tikamvulumvulu take timanyamula kutentha kuchokera pakati kukataya m'mbali, monga momwe mayi amatakasira phala kuti lipole mwana asanamwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pano phalalo tikufuna lisapole.

Kuti muone mmene moyo wa wofufuza wotere umayendera, tengani chitsanzo cha Friedrich Wagner wa ku Germany. Mu 1982, akugwira ntchito pa tokamak yotchedwa ASDEX ku Garching, pafupi ndi Munich, adaona kuti akawonjezera kutentha kupitirira mulingo wina, plasma imadekha yokha m'mbali mwake ndipo imasunga kutentha pafupifupi kawiri kuposa poyamba. Palibe amene ankayembekezera zimenezo, ndipo padatenga zaka kuti akatswiri amvetse kuti plasma ya m'mphepeteyo imayenda pa liwiro losiyana ndi ya m'kati, motero imang'amba tikamvulumvulu tija tisanakule. Makina aakulu a ITER, amene mayiko ambiri akumangira pamodzi ku Cadarache, kummwera kwa France, adawakonza modalira zimene iye adapezazo. Pambuyo pake Wagner adagwira nawo ntchito yomanga Wendelstein 7-X ku Greifswald, ku Germany komweko, makina ena ofufuzira fusion amene adayatsa plasma yawo yoyamba mu 2015, patapita zaka 33 kuchokera mu 1982 muja. Ntchito imeneyi siyofuna munthu wa phuma.

Ngakhale zipatso zake n'zazing'ono pakali pano. Mu 2023 makina a JET a ku Culham, ku England, adatulutsa mamegajoule 69 m'masekondi pafupifupi asanu, zimene dziko lonse la sayansi lidakondwera nazo, komabe mphamvu imeneyo ikufanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 19 okha, ndipo makinawo adadya magetsi ochuluka kuposa pamenepo.

Pa nkhani ya kudyerapo, mtima wanu ukhale m'malo. Mbali yaikulu ya kafukufuku wa turbulence ndi masamu ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta, luso limene limafunikanso kwa olosera zanyengo, okonza ndege ndi oyendetsa madzi m'mapaipi a ku migodi komwe inu mumafuna. Njira yake ndi digiri yachiwiri kenako ya udokotala, ndipo malo monga AIMS, sukulu ya masamu ya ku Cape Town, ndi ICTP, malo ofufuzira fizikisi a ku Trieste, ku Italy, amene katswiri wa fizikisi Abdus Salam adawakhazikitsa mu 1964, amalandira ophunzira ochokera kumayiko ngati lathu ndi kuwalipirira. Mumufunse mmene akukhozera masamu ndiponso ngati wayamba kale kulemba mapulogalamu, ndipo apemphe aphunzitsi ake makalata omuchitira umboni chaka chisanathe, chifukwa makalata amenewa amachedwa kutuluka.