Musasiye ntchito chifukwa cha mwezi umodzi wabwino

Achimwene, mwafunsa ngati nthawi yakwana yoti musiye ntchito ya muofesi n'kumadalira kuyimba basi, poti mwezi wathawu anakuitanani ku mashoo anayi. Ine ndikuti dikirani kaye.

Ndaliza gitala m'mabandi zaka zambiri, ndipo chimene chimapweteka kwambiri ndi kusadziwa tsiku limene ndalama idzabwere. Usiku wina tinayimba mpaka mbandakucha, zala zanga zitatuluka matuza, mwini shoo n'kutiuza kuti anthu sanalowe ambiri, atilipira sabata yamawa. Foni yake sinayankhidwenso mpaka lero. Panalibe pepala lililonse limene tinasainirana. Ukadwala palibe amakulipira, penshoni kulibe, nsambo ikaduka umapisa m'thumba mwako.

Za pa intaneti musazidalire kwambiri. Kuyambira 2024, Spotify, kampani imene anthu amamverapo nyimbo pa intaneti, salipira nyimbo imene sinamveredwe maulendo okwana 1,000 pa miyezi 12. Mavutowa ali paliponse, moti mayiko ena amachita kuthandiza aluso. Ku France woyimba kapena wazisudzo amayenera kugwira ntchito maola 507 pa chaka kuti azilandira thandizo nthawi imene alibe ntchito, ndipo dziko la Ireland mu 2022 linayamba kupatsa aluso 2,000 ndalama zokwana €325 pa sabata.

Sungani kaye ndalama ya miyezi ingapo, ndipo nyimbo zanu mukazilembetse ku bungwe lotolera ndalama za aluso. Chonde musakwere pasiteji musanasainirane mgwirizano ndi kulandira theka la malipiro. Mukadzaona kuti kwa miyezi 6 yotsatizana kuyimba kukulipira lendi, mudzandifunsenso.