Kuphunzira za zamoyo za m'nyanja ya mchere mwana ali ku Malawi

Mayi wina wafunsa ngati n'kwanzeru kulola mwana wake wa Fomu 3 kulakalaka maphunziro a zamoyo za m'nyanja ya mchere, pamene dziko lathu lilibe nyanja yotero.

Mayi, phunziroli limafufuza mmene zamoyo za m'madzi zimadalirana. Maziko ake ndi ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa phytoplankton, zimene zimakhala m'madzi a pamwamba mmene kuwala kwa dzuwa kumafika, pafupifupi mamita 200 kutsika pansi, ndipo zimatulutsa pafupifupi theka la okosijeni wopangidwa padziko lapansi. Nderezi zimadyedwa ndi tizilombo ta zooplankton, tizilomboto n'kudyedwa ndi nsomba zing'onozing'ono, nazonso n'kukhala chakudya cha nsomba zikuluzikulu ndi mbalame. Kugombe la Namibia ndi South Africa, mphepo imachititsa madzi ozizira a kumeneko, otchedwa a Benguela, kukwera kuchokera pansi atanyamula michere yokulitsa ndere, ndere n'kuchuluka, nsomba za sardine n'kuswana. Koma nsombazi zitachepa, mbalame za African penguin zinayamba kusowa chakudya, moti mu 2024 zinaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Zimenezi si zachilendo kwa msodzi wa ku Mangochi. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira, madzi a pansi amakwera kummwera kwa Nyanja ya Malawi, ndipo usipa umene umadya zooplankton ndi womwewo umene ncheni zimausaka. Madzi athu alibe mchere, alibenso makorali (tizilombo ta m'nyanja ya mchere timene timapanga matanthwe), koma malamulo a kudalirana kwa zamoyo ndi omwewo, choncho mwanayo angathe kuyambira konkuno.

Pa MSCE alimbikire Biology, Chemistry ndi Masamu. Ambiri amanyozera Masamu, chonsecho ntchito yambiri ya katswiri wa zamoyo za m'nyanja ndi kuyeza, kuwerengera nsomba ndi kusanthula manambala pa kompyuta. Digiri yoyamba ya za nsomba angaipeze ku LUANAR, ku Bunda, kapena ku Mzuzu University. Akadzafuna kuzama pa nyanja ya mchere yeniyeniyo, University of Dar es Salaam ili ndi Institute of Marine Sciences ku Zanzibar, ndipo Universidade Eduardo Mondlane ili ndi sukulu ya sayansi ya m'nyanja ku Quelimane, ngakhale kumeneko adzayenera kudziwa Chipwitikizi.

Ntchito zake zili m'nthambi ya boma yoona za usodzi, m'makampani oweta nsomba ndi m'kafukufuku, ndipo za kafukufukuzo kawirikawiri zimafuna digiri yachiwiri, nkhani imene ndi bwino banja liidziwe msanga pokonzekera ndalama.