Ndinali ndi ma 8 atatu, koma ndalama inapita

Funso: Achimwene, Loweruka lililonse timasewera poker ya mtundu wa no-limit hold'em ndi anzanga kuno ku Johannesburg, ma blind (ndalama zoyenera kuikidwa makhadi asanagawidwe) a R5 ndi R10. Ndinali ndi ma 8 awiri m'manja. Pa flop (makhadi atatu oyamba a patebulo) panagwa 8, King ndi 3, awiri omalizawo a hearts. Ndinachita check (kudutsa osaika ndalama) kawiri kuti ndiwakole. Pa river (khadi lachisanu, lomaliza la patebulo) panagwa heart wina, mnzanga wa flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) n'kunditengera R600. Ndinalakwa pati?

Yankho: Pepani achimwene, zoterezi zimapweteka, inenso zinandionekerapo. Koma vuto linayambira pa flop, pomwe munabisa mphamvu zanu.

Pa matebulo a ndalama zochepa anthu sakonda kutaya makhadi. Wogwira King amalipira, wodikira flush amalipiranso. Ndiye mukubisiranji? Mu poti (ndalama zonse zomwe zaikidwa pakati) ya R60 ikani R40, ndipo pa turn (khadi lachinayi la patebulo) muwonjezere ndithu, poti ikule inu muli patsogolo.

Taonani masamu ake. Wodikira flush ali ndi makhadi 9 omuthandiza, ndipo imamukwanira pafupifupi ka 35 pa 100 pofika pa river. Komabe inu simunathe: patebulo pakagwa khadi lofanana ndi lina, muli ndi full house (makhadi atatu ofanana ndi ena awiri ofanana), yomwe imaposa flush. Check yanu inamupatsa makhadi awiri aulere, chinthu chomwe chimandiwawa kwambiri ndikachiona.

Ine ndimabisa pokhapokha flop ili youma, monga King, 8, 3 amitundu yosiyana, ndipo mnzangayo ndi wokonda kubetcha yekha. Heart wachitatu akagwa, munthu wofatsa n'kuika ndalama zambiri mwadzidzidzi, imani kaye muwerenge poti musanalipire.