Matayala a kalavani: werengani zolembedwa m'mbali musanayang'ane mano

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwagula kalavani yogonamo kwa munthu kuno ku Johannesburg, ya ekiselo imodzi, ndipo kachitsulo kolembedwa kutsogolo kakuti GVM 1,400 kg, kutanthauza malire a kulemera kwake konse ikadzaza. Matayala ake ndi 185R14C, mano akadali ambiri. Mukufuna kuikoka mu Disembala mpaka ku Mangochi ndi banja lonse, ndiye mukufunsa ngati mungapite ndi omwewo, kapena mugule 185/70R14 a galimoto yaing'ono amene wogulitsa wakuuzani kuti ndi otchipa.

Otchipawo asiyeni. Omwe alipowo musawakhulupirire mpaka mutadziwa zaka zake.

Ndiyambe ndi zakazo, chifukwa ndi pamene ambirife timapusitsika. Tayala la galimoto limayenda tsiku ndi tsiku, limatha mano, ndipo aliyense amaona ndi maso kuti latha. La kalavani limakhala chiimire miyezi khumi kuseri kwa nyumba, dzuwa likuliwomba mbali imodzimodzi, kulemera konse kuli pa kachigawo komweko kogunda pansi. Limauma, limachita timing'alu m'mbali ndi pakati pa mano, mawaya a mkati amayamba kulekana ndi mphira, koma kunja likuoneka ngati langotuluka m'sitolo. Mano ake sangathe chifukwa siliyenda. Limakalamba lili ndi mano onse.

Tengani tochi, gwadani, fufuzani m'mbali mwa tayala pamene palembedwa DOT. Kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi, kawirikawiri ali m'kabwalo kowulungika. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2317, ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali yamkati yokha, ndiye muyenera kukwawira pansi pa kalavani. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000, lichotseni lero lomwe. Bungwe la Caravan and Motorhome Club la ku Britain limalangiza kusintha matayala a kalavani akakwana zaka zisanu, ndipo asapitirire zaka zisanu ndi ziwiri ngakhale mano atakhala bwanji. Amenewo ndi anthu a dziko lozizira. Inu mudutsa ku Musina ndi ku Tete, kumene phula limatentha moti simungapondepo opanda nsapato.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Tinali titadutsa Changara ku Mozambique masana, tikulunjika ku Tete, kalavani ili kumbuyo, ana akugona. Ndinangomva phuu! kenaka galimoto yonse inayamba kukokera kumanzere. Mulungu anatithandiza kuti msewu unali wopanda kanthu, ndinaima pang'onopang'ono. Nditatsika ndinapeza chikopa chonse cha mano chasendeka ngati khungwa la mtengo, ndipo chisanaduke chinakwapula madigadi n'kuboola pansi pa kabati ya ziwiya, paipi ya madzi ikudontha. Ndinayesa kutola chidutswa chimodzi pamsewu, chinanditentha m'manja, timawaya tili tuu kunja. Mano pa chidutswacho anali akuya bwinobwino. Nditawerenga manambala aja, tayalalo linali ndi zaka zisanu ndi zinayi, sipeya chimodzimodzi. Tinayenda ulendo wa kamba mpaka ku Tete mtima uli m'mwamba, mayi a kunyumba osayankhula ngakhale liwu limodzi. Ndalama yokonzera kabati ndi madigadi inaposa ya matayala atatu atsopano.

Tsopano za kulemera. Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 88T kapena 102/100R. Chilembocho chikunena malire a liwiro, nambalayo ikunena katundu amene tayala limodzi lingasenze: 88 ndi 560 kg, 102 ndi 850 kg, 106 ndi 950 kg. Pakakhala manambala awiri, woyambayo ndi wanu. Wachiwiri ndi wa magalimoto amene amamanga matayala awiriawiri mbali imodzi. Matayala a 185/70R14 amene akukunyengererani nawowo kawirikawiri amakhala 88. Awiri pamodzi ndi 1,120 kg, pamene kalavani yanu ikadzaza ndi 1,400 kg. Mwapereweza 280 kg musanatuluke n'komwe pageti. Pamene 185R14C a 102/100 awiri akusenza 1,700 kg, ndipo mwatsala ndi mpata wabwino. Mpata umenewu ndi wofunika, chifukwa katundu m'kalavani sakhala wofanana mbali zonse. Kumene kuli firiji, batire ndi thanki ya madzi kumalemera kuposa kwinako, ndipo tayala la mbali imeneyo ndi limene limayamba kufa. Ine ndimafuna kuti matayala asasenze kupitirira magawo 90 pa 100 alionse a mphamvu yake.

Chilembo C chija cha pa 185R14C chikutanthauza kuti ndi tayala la magalimoto a katundu, ndipo ambiri amalembedwanso 8PR, chizindikiro cha kulimba kwa tayala. M'mbali mwake ndi molimba. Tayala la galimoto yaing'ono analipanga lofewa m'mbali kuti okwera asamve mabampu, ndipo kufewa komweko n'kumene kumavinitsa kalavani thiraki ikakudutsani pa msewu waukulu wa N1. Amene anaonapo kalavani ikupukusa mchira pa galasi loonera kumbuyo amadziwa mmene thukuta limatulukira.

Wina pamwambapa wati mugule olembedwa ST. Amenewo ndi matayala opangidwira ngolo zokokedwa basi, ofala kwambiri ku America, ndipo ambiri mwa iwo malire a liwiro lake ndi mamailosi 65 pa ola, pafupifupi 105 km, pokhapokha atalembedwa zina. Si oipa ayi. Koma ganizirani za kumene mukupita. Likakuphulikirani ku Masvingo kapena ku Mwanza, ST mulipeza kuti? Pamene 185R14C ndi 195R14C ndi saizi za ma Hiace akale ndi mapikiapu, mumazipeza pafupifupi m'tauni iliyonse ya m'njira. Pa ulendo wopitirira 1,700 km kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Zobue, tayala losavuta kulipeza ndi chuma. Ngati mukuganiza zokweza kupita ku 195R14C, dziwani kuti ndi lalitali ndi lotambalala pang'ono, choncho yesani kaye ngati silikhudza madigadi kalavani itadzaza. Ngati simukutsimikiza, khalani pa saizi imene opanga anaika.

Ndipo tinene chilungamo, ife popita kumudzi sitinyamula zovala zokha. Mabelo a shuga, zigubu za mafuta ophikira, mabulangete a agogo, batire la sola la amalume, zonsezo zimathera m'kalavani chifukwa m'galimoto mwadzaza anthu. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 60 ndi thumba la simenti ndi kuposerapo. Mukamaliza kulongedza, pitani pa sikelo ya magalimoto mukaiyeze. Tayala labwino silichotsa malire a 1,400 kg aja, chifukwa ekiselo ndi mabuleki nazonso zili ndi malire ake. Onaninso laisensi yanu: ku South Africa kuno Code B imalola kukoka ngolo yosapitirira 750 kg, yanuyi ikufuna EB.

Mphamvu ya 850 kg ija tayala limakhala nayo pokhapokha lili ndi mpweya wokwanira. Matayala a C a 8PR amafika pa 4.5 bar kuti asenze katundu wake wonse, pamene a pa filing'i anazolowera kupopa 2.2 ngati galimoto yaing'ono. Mukapanda kuwauza, akupoperani yomweyo. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika m'mbali poyenda, limatentha, mapeto ake ndi a ku Changara aja. Tsatirani mlingo umene opanga kalavani analemba, musapitirire wolembedwa pa tayala. Gulani geji yanu, muziyeza m'mawa matayala asanayende. Masana mukayeza n'kupeza mpweya wakwera, musauphwetse, ndi mmene zimakhalira tayala likatentha. Auzeninso akuikireni mavavu atsopano opirira mpweya wochuluka, makamaka achitsulo.

Pogula, gulani atatu ofanana, sipeya ikhale m'gulu lomwelo. Musasakanize saizi kapena mitundu pa ekiselo imodzi. A kaunjika ayi, ngakhale atawala bwanji ndi polishi, chifukwa simudziwa maenje amene anagwamo kapena kuti anayendapo ali ophwa. Atsopanowonso werengani manambala a DOT asanawamange pa rimu. Tayala likhoza kukhala zaka zitatu pa shelefu n'kugulitsidwa ngati latsopano, ndipo zaka zimenezo zachoka pa zisanu zanu zija. Ine ndimapempha osapitirira chaka chimodzi, akakana ndimapita sitolo ina. Za dzina la kampani sindilimbana nazo kwambiri, bola likhale lodziwika ndipo manambala akwane.

Matayala akachotsedwa, ndi nthawi yabwino yoti makaniko atsegule mabering'i, awatsuke n'kuikamo girizi watsopano. Mukanyamuka, imani mutayenda 50 km mumangenso manati, chifukwa amakonda kumasuka tayala likangomangidwa kumene. Paliponse pamene mwaima kumwa madzi, zungulirani kalavani, ikani dzanja pa tayala ndi pakati pa rimu mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ikatentha kuposa inzake, musapitirire musanapeze chifukwa. Yesaninso jeke ndi sipanala muli pakhomo, chifukwa za galimoto nthawi zambiri sizikwana pa kalavani.

Jambulani m'mbali mwa matayala onse atatu, pamene pali DOT ndi pamene pali saizi, komanso kachitsulo ka GVM kaja, mutumize pano madzulo ano tiwerengere limodzi musanapereke ndalama kwa wogulitsayo.