Kwa achemwali amene afunsa za Upwork ndi Fiverr

Achemwali, mwati mwamaliza dipuloma, muli ndi laputopu yakale ndi foni, ndipo mukufuna kudziwa tsamba loyenera munthu wongoyamba kumene kugwira maganyu a pa intaneti. Ndaona ena akuyankhani kale kuti "bwerani ku inbox". Amenewo asiyeni kaye, ine ndiyankha pompano kuti nawonso ena awerenge.

Masamba odziwika alipo angapo, koma awiri ndi amene ndawagwiritsapo ntchito mokwanira. Pa Upwork, wofuna ntchito amalemba zimene akufuna, inu n'kutumiza kalata yopempha ganyuyo. Kutumiza kalata kumadya tinthu tina totchedwa Connects, timene timagulidwa masenti 15 a dola kalikonse, ndipo ganyu imodzi imatha kudya tingapo. Ndiye mukamangoponya makalata paliponse, mulowetsa ndalama musanalandire ngakhale tambala. Fiverr ndi yosiyana. Ili ngati benchi ya pamsika: mumayala malonda anu, n'kulemba mtengo, ogula n'kumakupezani okha. Kuyala n'kwaulere, koma pa ntchito iliyonse eni tsamba amadulapo 20 peresenti. Mukagwira ya madola 10, anu ndi 8, ndipo asanu ndi atatuwo amakhala masiku 14 musanaloledwe kuwatapa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho musakongole kwa munthu podalira ndalama imene ikungooneka pa sikirini. Palinso Freelancer.com ya ku Australia ndi PeoplePerHour ya ku London. Toptal iwaleni pakadali pano, ndi ya akatswiri ozama.

Koma kunena zoona, nkhani yaikulu si tsamba ayi. Nkhani ndi yakuti mukagulitsa chiyani.

Ine nditayamba ndinalemba kuti ndimatha kutaipa, kulowetsa manambala mu Excel, kulemba nkhani, kupanga ma logo, zonse pamodzi ngati golosale. Miyezi iwiri inatha kuli zii. Ganyu yotaipa ikangotuluka, pasanathe ola limodzi anthu a ku Philippines, India, Pakistan ndi Kenya amakhala atadzaza kale, ambiri ali ndi nyenyezi zisanu, zomwe ndi malikisi apamwamba, zochokera kwa makasitomala mazanamazana. Iwe wopanda ndemanga ngakhale imodzi, akuonera pati? Zinasintha tsiku limene ndinafufuta zonsezo n'kusiya mzere umodzi wokha: kumasulira Chingerezi ndi Chichewa, ndiponso kulemba zimene anthu alankhula pa tepi. Pamenepo opikisana nawo anachepa kwambiri, chifukwa wa ku Manila sangamve gogo wa ku Dedza akufotokoza za mbewu yake.

Ganyu yanga yoyamba inali yotere. Wophunzira wina wa kuyunivesite ya kunja anajambula zokambirana ndi amayi a m'mudzi zokhudza madzi akumwa, mphindi 40. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Inanditengera tsiku lathunthu, mahedifoni kukhutu, kubwereza chiganizo chimodzi kasanu chifukwa kumbuyo tambala akulira, mwana akulira, amayi atatu akulankhulira limodzi. Pamene mayi wina anati "madzi ake ndi a nzimbe", ndinaika kandemanga pambali kofotokoza kuti akutanthauza kukoma kwake, osati kuti muli shuga. Kandemanga kameneko n'kamene kanachititsa kuti munthuyo abwerenso ndi matepi ena asanu ndi limodzi. Polemba mbiri yanu pa tsambalo ikanimo mayina onse a chilankhulochi, Chichewa, Chewa ndi Nyanja, popeza akunja ambiri amasaka ndi dzina lakuti Nyanja. Ngati mumathanso Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, ndiye muli ndi munda wina umene ambiri sanaulime. Ngati luso lanu ndi lina, monga kuwerengera ndalama kapena kukonza mavidiyo, mfundo ndi yomweyo: sankhani kanthu kamodzi, muonetse zitsanzo zitatu zooneka bwino, ngakhale zikhale zoti munangodzipangira nokha.

Musanalandire ganyu, konzani njira yolandirira ndalama. Upwork ndi Fiverr onse amalumikizana ndi Payoneer, kampani yolandirira ndalama pa intaneti, ndipo kuchoka kumeneko ndalama imafunika kukafika ku akaunti ya kubanki ya dzina lanu. Dzina likhale lofanana ndendende pa chiphaso cha unzika, pa tsambalo ndi kubanki. Mnzanga wina analembetsa ndi dzina lachibwana limene timamuitanira, pofika nthawi yotsimikiza chiphaso zinthu zinaima kwa milungu. Komanso musamatape timadola tiwiritiwiri, chifukwa kutapa kulikonse kuli ndi chodula chake. Muyeneranso kukhala kuti mwakwanitsa zaka 18.

Za akuba tsopano. Wina adzakulemberani kuti mukapitirize nkhani pa Telegram kapena WhatsApp, akupatseni mapeji 50 oti mutaipenso pa mtengo wodabwitsa, kenako mukamaliza akuuzeni kuti mutumize kaye ndalama ya "chiphaso cha ogwira ntchito" kuti malipiro atuluke. Ine anandigwira kamodzi: sindinatumize ndalama, koma mausiku atatu otaipa anapita pachabe. Wolemba ntchito weniweni sakulipiritsani. Pa Upwork, ganyu ya mtengo wokhazikika musaiyambe musanaone kuti kasitomala waika kale ndalamayo m'manja mwa tsambalo. Ndipo kulandirira malipiro kunja kwa tsamba n'kuphwanya malamulo awo, akhoza kukutsekerani akaunti. Enanso adzakupemphani kuti muwabwereke akaunti yanu azikupatsani kangachepe mwezi ndi mwezi. Kanani, chifukwa akaba ndi dzina lanu, chiphaso chimene chili pamenepo ndi chanu.

China chimene akunja sachimvetsa ndi magetsi athu. Kasitomala wa ku Toronto sadziwa zoti kwanu azima kuyambira m'mawa, iye amangoona kuti mwachedwa, n'kukupatsani nyenyezi ziwiri zimene zidzakutsatani chaka chonse. Ntchito ya tsiku limodzi muzilonjeza masiku awiri. Laputopu izikhala yodzaza nthawi zonse, ndipo ngati mungathe khalani ndi ma SIM awiri, Airtel ndi TNM, ina ikafooka muzidumphira pa inzake.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi Fiverr popeza siidya ndalama poyala, kenako Upwork ndikapeza ka bandulo ndi ka ma Connects. Mukalemba mbiri yanu ija, iikeni pansi pano tikuthandizeni kukonza Chingerezi chake musanaitumize.